Khasu, Buku ndi Mfuti

Pa mbendera ya dziko lathu la Mozambique pali nyenyezi, ndipo pamwamba pa nyenyeziyo pagona buku lotsegula, khasu ndi mfuti. Ana athu amajambula zimenezi kusukulu chaka ndi chaka, koma ndi ochepa amene anauzidwapo kuti zizindikirozi ndi zotsala za chiphunzitso chimene chinalamulira dziko lino kwa zaka zoposa 10, chiphunzitso cha chisosholizimu. Amene anafikako ku Maputo anayenda m'misewu yotchedwa Karl Marx, Vladimir Lenine, Mao Tse Tung ndi Ho Chi Minh, mayina a anthu amene sanapondepo nthaka ya dziko lino. Mayinawo akadalipo pa zikwangwani, koma chiphunzitsocho boma linachitaya kalekale.

Tikulemba za nkhaniyi chifukwa yayambanso kumveka pakati pathu. Achinyamata amene atopa ndi ulova ndi katangale amatumizirana pa foni zolankhula za malemu Samora Machel, n'kumati nthawi imeneyo mbava za m'boma zinkanjenjemera. Pamene iwo akutero, pa benchi lomwelo m'tchalitchi pakhala gogo amene akangomva mawu akuti "aldeia" amawerama n'kukhala chete. Onsewa ndi nkhosa za khola limodzi, ndipo aliyense akunena zoona za mbali imene anaiona kapena kuimva. Ife amene tinabadwa cha m'ma 1980 tili pakati pawo. Zina tinaziona ndi maso a ubwana, zambiri tinazimva kwa amayi athu ndi kwa akulu a mpingo amene takhala tikuwaika m'manda mmodzimmodzi.

Chisosholizimu sichinabadwire kuno. Chinabadwira ku Ulaya m'zaka za m'ma 1800, pamene mafakitale a ku England, France ndi Germany ankameza anthu ochokera kumidzi ndi kuwagwiritsa ntchito kuyambira mbandakucha mpaka usiku, ndi ana aang'ono omwe, pa malipiro osakwana n'chakudya chomwe. Anthu ena oganiza anafunsa kuti: zitheka bwanji kuti mwini fakitale azinenepa pamene manja amene akumulemeretsa akugona ndi njala? Yankho lawo linali lakuti nthaka, migodi ndi mafakitale zisakhale za anthu ochepa, koma za anthu onse. Pa za njira yofikira kumeneko ndi pamene anagawanika. Ena anati zinthu zisinthidwe ndi mavoti ndi mabungwe a anthu apantchito, ndipo mwa njira imeneyi chipani cha Labour ku Britain chinakhazikitsa chithandizo cha chipatala chosalipiritsa m'chaka cha 1948. Ena anatsata Karl Marx ndi Friedrich Engels, amene anasindikiza chikalata chawo chotchuka mu 1848, ndiponso Lenin amene anadza pambuyo pake ndi kuphunzitsa kuti olemera sadzatula chuma mwaufulu, choncho chipani chimodzi cholimba chiyenera kulanda boma ndi kutsogolera anthu onse. Njira yachiwiriyi inapambana ku Russia mu 1917, ku China mu 1949 ndi ku Cuba mu 1959. Ndiyo inafika kwathu.

Wina angafunse kuti atsogoleri athu anachikonderanji chiphunzitso chochokera kutali chotero. Wofunsa motere akumbukire ulamuliro wa Apwitikizi. Akumbukire chibalo, chimene chinkachotsa mwamuna pakhomo pake miyezi yathunthu kukakonza misewu ndi kulima minda ya atsamunda. Akumbukire thonje lokakamiza m'madera a kuchigwa, msonkho, ndi mbalamatodya imene inkatupitsa zikhatho za azigogo athu pabwalo la boma. Amuna ambiri a kuno ku Angónia anathawira ku Nyasaland, ku Rhodesia ndi ku Joni chifukwa cha zimenezi. Mishoni ya ku Mphatso, imene inatsegulidwa mu 1909, Apwitikizi anaitseka mu 1922, ndipo kwa zaka zambiri makolo athu ankawoloka malire kukabatizidwa ndi kukadya Mgonero ku mipingo ya tsidya lija. Pangano la mu 1940 pakati pa Portugal ndi Vatican linaika sukulu za anthu akuda m'manja mwa mishoni za Katolika, ndipo Aprotestanti ankaonedwa ngati akazitape. Abusa Zedequias Manganhela a mpingo wa Presbyterian anafera m'ndende ya Machava mu 1972. Pa 16 Disembala chaka chomwecho asilikali a atsamunda anapha anthu pafupifupi 400 ku Wiriyamu ndi midzi yoyandikana nayo, kuno ku Tete, ndipo anali ansembe a Katolika amene analimba mtima kuulula nkhaniyi ku dziko lonse. M'zaka zomwezo asilikali ankasonkhanitsa anthu m'midzi yoyang'aniridwa ndi mfuti, yotchedwa aldeamento, kuti asamadyetse ankhondo a Frelimo. Uku kunali kusamutsidwa koyamba kumene akulu athu amakukumbukira, ndipo tikupemphani mukusunge mumtima, pakuti kukubwera kwina.

Dziko la Portugal linali m'gulu la NATO, pamodzi ndi America ndi Britain. Amene anapereka mfuti, mankhwala ndi malo a sukulu kwa omenyera ufulu anali makamaka Soviet Union ndi China, ndipo amene anawapatsa pogona anali Julius Nyerere wa ku Tanzania, yemwe mu 1967 analengeza chisosholizimu chake cha ujamaa. Munthu amene akumira mu Zambezi safunsa kumene mwini bwato amapemphera. Tisaiwalenso kuti oyambitsa Frelimo mu 1962 sanali onse adani a chikhulupiriro. Eduardo Mondlane analeredwa ndi mishoni ya Presbyterian ya ku Switzerland, ndipo wachiwiri wake, Uria Simango, anali mbusa.

Ufulu unabwera pa 25 Juni 1975. Patangotha mwezi umodzi, pa 24 Julayi, boma linatenga sukulu zonse, zipatala zonse, ntchito za maloya, ngakhale ntchito yogulitsa mabokosi ndi kuika maliro, ndi kulengeza kuti nthaka ndi ya boma m'dzina la anthu onse. Mipingo inataya sukulu ndi zipatala zake pa tsiku limenelo, ndipo bala lake linatenga nthawi kuti lipole. Komabe mtumiki wa Mulungu sayenera kuchitira umboni wonama ngakhale amene anamulanda. Pa nthawi ya ufulu anthu oposa 90 mwa 100 alionse sankadziwa kuwerenga, ndipo Apwitikizi atachoka madokotala amene anatsala m'dziko lonse sanakwane 100. M'zaka zochepa chiwerengero cha ana a ku pulayimale chinawirikiza kawiri. Kuyambira 1976 magulu a katemera anayenda mudzi ndi mudzi kubaya anthu wa nthomba, chikuku ndi chifuwa chachikulu, ndipo zipsera zake zikadaoneka pa mikono ya azichemwali athu. Amayi amene sanagwirepo pensulo anakhala pansi pa mitengo madzulo kuphunzira kulemba mayina awo. Mwana wa mlimi anauzidwa koyamba kuti akhoza kukhala namwino kapena mphunzitsi popanda kuyamba wasandulika Mpwitikizi. Zimenezi zinachitikadi, ndipo achinyamata amene amazitama sakulota.

Mu Febuluwale 1977, pa msonkhano wake waukulu wachitatu, Frelimo inalengeza kuti ndi chipani chotsata Marx ndi Lenin. Kuyambira pamenepo chipani chinakhala ndi yankho pa funso lililonse, ndipo amene anali ndi yankho lina ankatchedwa mdani wa anthu. Marx anaphunzitsa kuti chipembedzo chili ngati mankhwala ogonetsa amene amaiwalitsa wosauka ululu wake, ndipo omutsatira kuno anaika Mkhristu, sing'anga, gule wamkulu ndi mafumu m'thumba limodzi lotchedwa obscurantismo, ndiko kuti zamdima. Mafumu anachotsedwa pa mipando, m'malo mwawo munalowa masekeretale ndi magulu otchedwa grupo dinamizador. Matchalitchi ambiri anatsekedwa, makamaka amene anali pafupi ndi sukulu ndi zipatala, ndipo wofuna kukhala membala wa chipani ankayenera kusiya kupemphera. Munthu sankayenda ulendo popanda kalata yotchedwa guia de marcha. A Mboni za Yehova zikwizikwi anatengedwa kupita ku misasa ya ku Carico, m'boma la Milange. Timasiyana nawo m'chiphunzitso, koma chimene chinawachitikira chinali choipa, ndipo chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Abusa Simango aja, amene anali atakangana ndi anzawo m'chipani ufulu usanabwere, anatsekeredwa ku Niassa ndi kuphedwa popanda mlandu wawo kuzengedwa pabwalo la milandu.

Koma chimene chinafika pakhomo la munthu wamba kwambiri chinali cha kumunda. Boma linati anthu okhala motalikirana sangafikiridwe ndi sukulu, chipatala ndi mjigo, choncho asonkhane m'midzi ya pamodzi, aldeia comunal, nyumba zitandandalikidwa m'mizere. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 midzi yotereyi inali yoposa 1,300, ndipo munkakhala anthu pafupifupi 1.8 miliyoni. Ena analowamo mokondwa, makamaka kumene madzi osefukira anawononga nyumba. Ena analowamo atawatenthera nyumba zawo zakale. Uku kunali kusamutsidwa kwachiwiri. Mawu anali osiyana ndi a Apwitikizi, cholinga chinalinso chosiyana, koma kwa mayi wosenza denga la nkhokwe yake kuchoka pamalo pamene anakwirira michombo ya ana ake, kulemera kwake kunali komweko. Munda wake unatsala kutali, mango ndi mapichesi ake anatsala m'bwinja, manda a makolo anatsala opanda wowalambula. Kwa ife Achewa ndi Angoni, kumene munthu amadziwika ndi mbumba yake ndi malo a makolo ake, kuika banja pa mzere pakati pa alendo kunali kudula mizu.

Ndiye panali munda wa onse, machamba do povo. Akulu athu amasimba kuti anthu ankapitako mochedwa, n'kulima mzere umodzi kapena iwiri, maso ali ku dzuwa, mtima uli ku munda wawo. Sikuti anali aulesi, kapena kuti kugwirira ntchito pamodzi kunali kwachilendo kwa iwo. Dima tinali nalo kuyambira kale: mwini munda aphika thobwa kapena mowa, anansi abwera ndi makasu, mawa apita kwa wina. Pamaliro palibe amene amalembedwa dzina kuti akumbe manda, komabe manda amakumbidwa. Timati mutu umodzi susenza denga, timatinso kupatsa n'kuika. Kusiyana kwake n'kwakuti pa dima munthu amadziwa nkhokwe imene chimangacho chidzalowe, ndipo amadziwa khomo limene adzagogode njala ikafika. Pa munda wa onse zokolola zinkalembedwa m'kaundula wa sekeretale, ndipo wolima sankaloledwa kufunsa kumene zapita.

Ndalama zambiri za ulimi, pafupifupi 90 mwa 100 zilizonse, zinapita ku minda ikuluikulu ya boma. Kuno kwathu kunali CAIA, munda waukulu wa boma umene unatenga mafamu osiyidwa ndi atsamunda m'mapiri a Angónia ndi Tsangano, wolima chimanga, mbatata ya kachewere ndi zipatso. Mathirakitala anabwera kuchokera kunja, koma akawonongeka zipangizo zake kunalibe, pamene mlimi wamba ankasowa khasu lenilenilo, khasu lomwe lili pa mbendera. Masitolo a Amwenye ndi Apwitikizi atatsekedwa panabwera loja do povo, ndipo posakhalitsa mashelefu ake anali mbee. Ndalama yatsopano ya metikali inatuluka mu 1980, koma panalibe choigulira. Amayi athu ankadzuka usiku, chimanga kapena nyemba pamutu, kudutsa njira zachidule kupita ku Lizulu kapena ku Dedza kukasinthitsa ndi mchere, sopo ndi chitenje. Boma linkatcha zimenezi candonga, mlandu wolangidwa nawo. Amayi athu ankazitcha kulera ana.

Achinyamata a m'makalasi athu amakonda kufunsa ngati mpingo woyamba sunali wa chisosholizimu, popeza pa Machitidwe a Atumwi 2 ndi 4 timawerenga za okhulupirira amene ankagulitsa minda ndi nyumba ndi kugawana monga mwa kusowa kwa aliyense. Funsoli si lachibwana, ndipo ife amene timalalikira kawirikawiri za chakhumi koma mwa apo ndi apo za amasiye tiyenera kulimva likutiluma. Chilamulo cha Mose chinaletsa kugulitsa nthaka kwamuyaya, ndipo mneneri Amosi sanawanyengerere olemera opondereza aumphawi. Koma werengani mutu 5. Petro anakumbutsa Hananiya kuti mundawo unali wake asanaugulitse, ndipo ndalama zinali m'manja mwake ataugulitsa. Tchimo lake linali bodza. Panalibe msilikali pakhomo la Barnaba pamene ankagulitsa munda wake. Ndipo pamene amasiye olankhula Chigriki anadandaula kuti akuiwalidwa pa kugawa chakudya, atumwi sanawatche adani a mpingo. Anaitanitsa msonkhano, ndipo anthu okha anasankha amuna asanu ndi awiri.

Nkhani imene ikufanana kwambiri ndi zimene tinaona ili pa Genesis 47. Yosefe anasonkhanitsa tirigu m'nkhokwe za Farao, ndipo nkhokwezo zinapulumutsadi miyoyo. Koma njala itakula anthu anapereka ndalama zawo, kenaka ziweto zawo, kenaka minda yawo, pomaliza matupi awo, mpaka dziko lonse linakhala la Farao. Pansi pa Yosefe woopa Mulungu zimenezi zinapiririka. Buku lotsatira likuyamba ndi mfumu ina imene sinamudziwe Yosefe, koma inapeza mphamvu zonse zitasonkhanitsidwa kale m'dzanja limodzi.

Tingachite chinyengo tikanena kuti chisosholizimu chokha ndicho chinagwetsa dziko lino. Boma la azungu la Rhodesia linathandiza kukhazikitsa Renamo, ndipo kuyambira 1980 boma la tsankho la South Africa linaipatsa zida. Sukulu ndi zipatala zimene tatama zija zinatenthedwa, aphunzitsi ndi anamwino anaphedwa, anthu anadulidwa makutu ndi milomo. Chilala cha 1982 mpaka 1984 chinadza pamwamba pa zonsezi. Koma moto wa mlendo sukanayaka motero ukanapanda kupeza udzu wouma: mafumu onyozedwa, mabanja osamutsidwa, okhulupirira otsekeredwa kunja kwa matchalitchi awo. Mu 1983 boma linabweretsanso chikoti cha pagulu, ndipo pa Operação Produção linatola anthu zikwizikwi m'mizinda, amene linati ndi malova, ndi kukawataya ku Niassa ndi Cabo Delgado, kumene ambiri sanabwererenso. Mu 1986 nkhondo inakula koopsa ku Tete ndi Zambezia, ndipo kunadza kusamutsidwa kwachitatu. Othawira ku Malawi anapitirira 1 miliyoni. Ambiri a ife tinaphunzira kuwerenga m'sukulu za othawa kwawo ku Dedza ndi Ntcheu, tikuyang'ana mapiri a kwathu kutsidya kwa msewu. Tinene mwapambali kuti dziko limene linatilandiralo linkadana ndi chikomyunizimu kotheratu, komabe nakonso kunali chipani chimodzi, khadi la chipani pakhomo la msika, ndi anthu olankhula monong'ona.

Kubwerera m'mbuyo kunayamba Machel ali moyo. Mu Disembala 1982 anaitana atsogoleri a zipembedzo ku Maputo ndi kukambirana nawo. Mu 1983 msonkhano wachinayi wa chipani unavomereza kuti mlimi wa pabanja ananyalanyazidwa. Mu 1984 dziko linalowa m'mabungwe a IMF ndi Banki ya Dziko Lonse. Machel anafa pa ngozi ya ndege ku Mbuzini pa 19 Okutobala 1986, ndipo pansi pa Joaquim Chissano ndondomeko ya chuma ya 1987 inamasula mitengo ya zinthu. Mu Julayi 1989 Frelimo inasiya kudzitcha chipani cha Marx ndi Lenin, miyezi ingapo khoma la ku Berlin lisanagwe, ndipo malamulo atsopano a dziko a 1990 analola zipani zambiri. Amene ankatchedwa a zamdima aja ndi amene ananyamuka kupita ku Nairobi mu 1989 kukalankhula ndi Renamo: Kadinala Alexandre dos Santos, Akibishopu Jaime Gonçalves, Bishopu Dinis Sengulane wa Anglican ndi Abusa Mucache. Mtendere unasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992.

Anthu atabwerera mu 1993 ndi 1994, ambiri sanapite ku mizere ya aldeia. Anakafunafuna mitengo ya mango ya makolo awo ndi kumanga pomwepo. Koma ena anatsalira m'maaldeia mwa kufuna kwawo, chifukwa cha sukulu, mjigo ndi msika, ndipo ina mwa midzi imeneyo lero ndi malo a malonda okhala ndi matchalitchi angapo. Zikuoneka kuti ganizo lokhala pafupi silinali loipa mwa ilo lokha, koma mwini nyumba sanafunsidwe.

Masitolo anadzaza, koma tsopano chosowa chinali ndalama. Makampani a boma mazanamazana anagulitsidwa m'zaka za m'ma 1990, ndipo ambiri mwa ogula anali omwe aja ankatchana camarada. Funso la m'mafakitale a ku England lija silinayankhidwe, linangosiya kufunsidwa. Mu 2009 ndi 2010 mabanja oposa 1,000 a ku Moatize anachotsedwa pamalo awo kuti kampani ya Vale ya ku Brazil ikumbe malasha, ndipo ambiri anapititsidwa ku Cateme, kutali ndi mtsinje ndi msika, pa nthaka imene anadandaula kuti ndi yamiyala. Mu Januwale 2012 anatseka njanji ya sitima za malasha kuti madandaulo awo amvedwe. Kusamutsidwa kwachinayiku kunalibe Marx m'kati mwake.

Chinthu chimodzi cha pa 24 Julayi 1975 sichinatayidwe: nthaka ikadali ya boma, ndipo mwa lamulo sigulitsidwa. Lamulo la malo la 1997 linawonjezerapo zimene chisosholizimu chinakana. Linavomereza kuti mudzi kapena banja lokhala pamalo mwa mwambo wa makolo lili ndi ufulu wogwiritsa ntchito malowo ngakhale lilibe pepala, kuti umboni wa pakamwa wa anansi ndi wokwanira, kuti mkazi ali ndi ufulu wofanana ndi mwamuna, ndiponso kuti wofuna malo a mudzi ayambe wakambirana ndi eni mudziwo. Mu 2000 boma linayambanso kuzindikira mafumu. Msonkhano wokambiranawo umatchedwa consulta comunitária, ndipo pamapeto pake pamalembedwa chikalata chimene oimira mudzi amasainira. Kawirikawiri chikalatacho chimakhala m'Chipwitikizi, alendo amakhala akufulumira kubwerera ku Tete dzuwa lisanalowe, ndipo zakumwa zoziziritsa kukhosi zimakhala zitatsitsidwa kale m'galimoto. Pa misonkhano yotere anthu amatembenukira kwa mkulu wa mpingo, kwa mlembi wa chigwirizano cha amayi kapena kwa mphunzitsi wa Sande sukulu kuti awawerengere, popeza ndi amene amadziwa Chipwitikizi. Ambiri mwa iwo anachiphunzira m'sukulu zija zinatsegulidwa pambuyo pa 1975. Akapatsidwa pepalalo aliwerenge mokweza, mzere ndi mzere, alimasulire m'Chichewa kuti gogo wakhala kumbuyo uja amve mahekitala amene atchulidwa ndi kumene malire akudutsa, ndipo cholembera chidikire kufikira iye atayankha.